Mpango Woyera pa Nkhope ya a Nyawelo

Amayi, kodi kumene muliko kukuyenda bwanji? Mwendo uja unasiya kutupa? Ndikufunsa dala, chifukwa pali wina kuno akuti akuuona udakali wotupa. Koma zimenezo ndifikapo, musandifulumizitse. Munkanena nokha kuti Dolika akati afotokoze za nkhuku amayambira kwa amene anagulitsa dzira.

Kuno ku Glasgow tili bwino ndithu. Ine ndanenepa moti basi ya ku Govan ikandiona pa siteji imayamba yapuma kaye. Mdzukulu wanu Tamanda wandipitirira kale msinkhu. Ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji amangoti "Aye, fine," ngati wavwira mbatata yotentha m'kamwa. Chichewa amamva chonse, makamaka pamene ndikumunena.

Za kumudzi mwina mumazidziwa kuposa ine, poti muli pafupi. Mchemwali wanga Lonesi anabereka mapasa mu Epulo. Wamkaziyo anamupatsa dzina lanu, ndipo akuti akamayamwa amayang'ana anthu cham'mbali, monga munkachitira inu munthu akayamba kunama. Achimwene a Yohane akuti mtedza chaka chino wasowa pouika. Zithunzi zimene ananditumizira pafoni ndikuonamo kamulu koti mbuzi ingalumphe, koma paja kukokomeza ndi kwa m'banja mwathu, sindiwadzudzula. Chiswe chagwetsa khola. Mtengo wa mapeyala uja munkauopseza ndi nkhwangwa chaka ndi chaka unabereka chaka chomwe munachokacho, ngati unkangodikira kuti mutembenuke.

Inenso ndili ndi dimba, Amayi. Anandigawira kamalo ku Govan, kukula kwake mphasa ziwiri. Ndinadzalapo maungu, ndipo dzungu limodzi linakula moti tinalinyamula anthu atatu, wachinayi akutitsogolera njira. Azungu oyandikana nane amadabwa ndikamathyola masamba. Ndinawaphikira nkhwani wotendera, mpaka lero akandiona amavula zipewa.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhalira pansi. Papita zaka ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo pali chinthu chimene sindinauze munthu. Koma kuti mumve bwino, ndiyambe ndakudziwitsani amuna anga. Musadzidzimuke, si bambo a Tamanda, amenewo adakali kosowa komwe kuja.

Ntchito yanga idakali yomwe ija, yosamalira nkhalamba m'nyumba zawo. Chaka chatha anandipatsa gogo wina ku Maryhill, dzina lawo a Nyawelo. Ndi munthu wakuda ngati ife, koma kutalika kwake, Amayi, akaimirira mutu umakapereka moni kudenga. Kwawo ndi ku South Sudan, m'mbali mwa mtsinje wa Nailo. Mtundu wawo anthu amati Ashiluku, eni ake amati Acholo. Pamphumi pawo pali mphini zotukuka, mzere umodzi kuchokera khutu ili mpaka linalo, ngati wina anawasokerera mikanda mkati mwa khungu. Anathawa nkhondo ndi mwana wawo wamkazi, Nyalam, amene amayendetsa mabasi muno m'tauni. Amakhala m'mwamba, pa nsanjika yachitatu, ndipo zenera lawo limayang'ana ngalande yaikulu imene azungu anakumba kalekale kuti muzidutsa maboti. Timalankhula Chingerezi, chawo cha kwa abambo a mishoni, changa cha sitandade sikisi, koma timamvana kuposa anthu a madigiri.

Tsiku loyamba ndinawapeza ali duu, osayankhula. Ndinati nkhalamba iyi sinakumanepo ndi Dolika. Ndinawauza kuti kwathu gogo wamwamuna ndi mwamuna wa adzukulu ake onse aakazi, choncho kuyambira lero inu ndinu amuna anga, ndipo ndikufuna mundisamale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ng'ombe zanga zonse zinatsala ku Nailo. Ndikulowola ndi chiyani?" Ndinaloza mbale ya mabisiketi. Anandipatsa awiri. Nyalam anaseka mpaka misozi, akuti bambo ake anali asananenepo nthabwala chimwalirireni amayi ake. Kuyambira pamenepo ndikalowa ndimati, "Amuna anga, mwandisowa?" Iwo amati, "Mkazi wa mabisiketi awiri wafika, bisani shuga."

Mmawa uliwonse akatha kumwa tiyi amamanga mudzi wawo patebulo. Amavundikira makapu atatu: iyi nyumba yogona, iyi yophikira, iyi ya alendo. Amazunguliza masipuni, umenewo ndi mpanda wa mapesi a mapira. Khomo limodzi lotere amati gol. Makomo ambiri amazungulira bwalo, pakati n'kukhala khola lalikulu la ng'ombe, limene patebulopo ndi mbale ya shuga. Akuti midzi yawo inandandalika m'mbali mwa mtsinje ngati mikanda pa ulusi, ukaima m'mudzi uno umaona utsi wa mudzi wotsatira. Utsiwo ndi wa ndowe zouma, wothamangitsira udzudzu, ndipo phulusa lake amuna amadzola. Azimayi amazira pansi ndi m'zipupa mpaka dothi kuwala ngati mbale. Akuti munthu wamba akamwalira sapita naye kutali ngati ife, amamuika pafupi ndi nyumba yake yomwe, kuti azimva ana akamakangana. Ndinati bola inu sanakuikeni choncho, Lonesi ndi a Yohane mukanawadzukira kalekale.

Koma pali kapu imodzi imene amaika payokha, kumapeto kwa tebulo, pamwamba pake n'kusanjikapo dzira lawo lowiritsa. Tsiku lina ndinati ndilitenge ndiwasendere, anandigwira dzanja. Zala zozizira ngati nsomba. Anati amenewo ndi manda a mfumu, sakhudzidwa. Mfumu yaikulu ya mtundu wawo amati reth, ndipo agogo a bambo awo anali reth. M'mudzi mwawo munali manda a mfumuyo, nyumba zokongola kuposa za amoyo, pansonga pa denga pali dzira la nthiwatiwa ndi mutu wa mkondo. Agogo awo aakazi anali mmodzi wa nkhalamba zosesa pamenepo.

Anandifotokozera kuti mzimu wa mfumu yawo yoyamba, imene sinafe koma inangosowa m'kamvuluvulu, umasamuka kuchoka mwa mfumu iyi kulowa mwa yotsatira. Mzimu umenewo suyenera kukhala m'thupi lofooka, chifukwa mfumu ikafooka ng'ombe zimafooka, mapira amafooka, mvula imachita manyazi. Ndiye kalelo mfumu ikayamba kutha mphamvu ankailowetsa m'nyumba, n'kuigoneka mutu pamiyendo pa namwali, kenako n'kumata khomo ndi dothi onse awiri ali momwemo. Pakapita miyezi ankagumula, n'kukulunga mafupa m'chikopa cha ng'ombe, kukawaika m'mudzi umene mfumuyo inabadwira. Palibe wonena kuti mfumu yamwalira. Amangoti dziko palibe. Ndipo akuti mafumuwo nthawi zina amabwera kudzaona anthu awo atasanduka mbalame yoyera. "Ophunzira ena amati zomata khomozi ndi nthano chabe," anatero. "Agogo anga sankati ndi nthano."

Ine kuti ndisagonje ndinawauza kuti kwathu pa maliro a mfumu zilombo zimavina mpaka fumbi kuphimba dzuwa, ndipo ine ndinathamangitsidwapo ndi chilombo kuchokera ku Nambuma mpaka ku Mponela osapuma. Kenako ndinafunsa kuti nanga mfumuyo inkadziwa bwanji kuti tsiku lake lakwana. Anayang'ana kungalande, nati, "Akazi ake ndiwo ankadziwa." Basi anapempha tiyi wina. Ndikanafunsitsa pamenepo, Amayi. Koma munkanena kuti makutu anga amatseguka pokhapokha pakamwa patatopa.

Nayi tsopano nkhani imene ndinabisa. Mukukumbukira tsiku limene amayi a kumpingo ankakusambitsani, pamene mpango wanu woyera wa ku chigwirizano unasowa? Anakhuthula sutikesi yonse, anakwezera matiresi, Lonesi analira kuti mayi akupita ngati wakunja. Mapeto ake anakumangani wobwereka kwa a Nambewe, omwe aja munakangana nawo zaka khumi chifukwa cha malire a dimba. Mpangowo sunasowe. Unali m'kati mwa bulauzi yanga. Ndinathandiza nawo kufunafuna, ndipo ndine amene ndinkakalipa kwambiri kuti m'mudzi muno muli akuba. Ndinkangofuna kanthu kanu konunkhira inu kuti ndibwere nako kuno. Chiyambire ndimayenda nawo m'chikwama kulikonse.

Mwezi wa Julayi kunabwera dzuwa. Kuno dzuwa ndi mlendo, likatuluka azungu amavula malaya n'kugona pa kapinga ngati usipa pathandala. Tsiku limenelo a Nyawelo atadya nkhomaliro anagona tulo pampando wawo wa pazenera, nkhope ili chagada, dzuwa likuwawomba m'maso. Panabweranso ntchentche imodzi, yaikulu ngati njiwa, ikungotera pamphini zawo. Ndinakumbukira inu. Abambo akagona pakhonde masana munkawafunditsa kansalu kumaso, mukuti munthu wogona sasiyidwa poyera ngati nyama ya pamsika. Thaulo linali lonyowa. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa mpango wanu, ndinauyala bwinobwino pankhope pawo, mbali ina n'kutsikira pachifuwa. Ndinadziyamikira ndekha kuti mkazi wotere sapezeka pawiri.

Ndinali kutsuka makapu pamene ndinazindikira kuti mkonono wasiya. Nditasuzumira ndinaona akhala chimodzimodzi, manja pamaondo, mpango uli pankhope. Sanauchotse. Unkangolowa ndi kutuluka pakamwa pawo akamapuma. Kenako mawu anatuluka kunsi kwa nsaluyo, otsika, osanjenjemera.

"Wandifunditsa ndani?"

Ine ndi kamwa langa lija ndinati, "Winanso ndani? Mkazi wanu."

Kenako anati, "Ndamva."

Madzulo ake sanadye. Mawa lake tiyi anazizira patebulo, ndipo mudzi sanamange, anangovundikira kapu imodzi ija kumapeto. Anasamuka pampando kukagona kuchipinda, mpango wanu ataupinda pansi pa pilo. Tsiku lachitatu Nyalam anandidikira pa masitepe atavala yunifolomu yake ya basi. Anandifunsa chimene chinachitika, ndipo nditamufotokozera anakhala pansi pomwepo, pa simenti.

"Dolika, ukudziwa chimene wachita? Akazi a mfumu akaona kuti mwamuna wawo watha, sankamuuza ndi pakamwa. Ankadikira agone masana, n'kumuyala nsalu yoyera kumaso. Akadzuka n'kuipeza, ankadziwa kuti khomo limatidwa."

Ndinati koma bambo akowa si mfumu, ndipo ine si mkazi wawo, anandilowola ndi mabisiketi. Nyalam anati, "Pita ukawauze iwowo. Ine ndawauza usiku wonse. Akuti magazi sadziwa kuti mwini wake sanalowe ufumu."

Amayi, ndinayesa zonse. Ndinawauza kuti ukwati watha, ndinawabwezera mabisiketi awo awiri, ndinaonjezapo lachitatu la chipepeso. Anati nsalu ikayalidwa siyalulidwa. Ndinawaphikira phala limene linadzutsapo nkhalamba zitatu za ku Gorbals zimene madokotala anali atazitaya. Sanaliyang'ane. Ndinavina chimtali pakati pa chipinda, matabwa a pansi akulira, oyandikana nawo a kunsi akugogoda denga ndi tsache. Anangoti, "Wavina bwino, mkazi wanga. Usadandaule, wachita ntchito yako." Analibe mkwiyo, ndipo chimenecho ndicho chinkandiwawa. Dokotala anabwera, anawapima paliponse, anati palibe chimene akupeza, koma zikapitirira awatengera kuchipatala. Iwo anamuyankha mwaulemu kuti munthu sachoka m'nyumba imene ayamba kale kuimata.

Masiku omwewo pangalande panatera kakowa. Kakowa weniweni, Amayi, woyera mbee, ngati amene ankatsatira ng'ombe za a Yohane kudambo. Kuno saonekaoneka, moti azungu ankabwera ndi makamera aatali ngati misi kudzamujambula. Iye sankawalabadira. Ankangoima ndi mwendo umodzi, mlomo utaloza pazenera lathu. Sindinawauze a Nyawelo. Koma tsiku lachinayi, ali chigonere, makatani otseka, anandifunsa kuti, "Agogo adakaimabe pamadzipo?"

Tsiku lachisanu ndi limene sindidzaiwala. Nyalam anali kuntchito. Inali cha m'ma thu koloko masana, kunja ana akusewera, galimoto ya ayisikilimu ikuimba kanyimbo kake. Anandiitana kuchipinda, anati ndikhale pabedi. Nditakhala anadzikoka pang'onopang'ono n'kuika mutu wawo pamiyendo panga. Mutu wopepuka ngati chipanda chopanda madzi. Ndinawasisita pamphini paja. Ndiye ndinakumbukira namwali wa m'nkhani ija, amene ankatsala m'kati.

Mumandidziwa kuti ndimakokomeza, koma apa ndikuchepetsa. Fungo ndilo linayamba. Fungo la dothi lonyowa losakaniza ndi ndowe, lomwe lija la tsiku lozira nyumba, m'chipinda cha kapeti, pa nsanjika yachitatu. Kenako ndinamva phwa, phwa, phwa, ngati munthu akuponya dothi pachipupa n'kusalaza ndi chikhatho. Chitseko cha chipinda chinali chotsegula. Kuchokera pabedi paja nthawi zonse ndimaona nsapato za Nyalam zili pansi m'kakhonde ka m'nyumbamo. Tsiku limenelo sindinkaziona. Kumwamba kwa khomo kunali kowala bwinobwino, koma kunsi kwake kunali mdima wofika m'maondo, wowongoka ngati auyeza ndi chingwe. Ndinati ndidzuke, miyendo inakana. Dolika amene anathamanga kuchokera ku Nambuma mpaka ku Mponela analephera kusuntha chala.

A Nyawelo anausa moyo, ngati munthu amene amisiri amukhumudwitsa.

"Akuchedwa," anatero. "Masiku asanu, sanapitirire m'maondo."

Ndinafunsa, mawu akutuluka ngati a mwanapiye, kuti chikuwachedwetsa n'chiyani.

"Pali mayi waima pakhomopo. Akumupempha kuti asunthe, akukana. Akamata mbali iyi, akugumula ndi mwendo. Ndi mwendo wamanzere, chifukwa wamanjawo ndi wotupa. Si wa kwathu. Ndi wamfupi ngati mtondo."

Ndinati mundiuze wavala chiyani.

"Bulauzi yoyera, siketi yakuda. Kumutu alibe kanthu. Pamwamba pa khutu pali chipsera chachitali, tsitsi silinamerepo. Mpango ali nawo m'manja, koma waugwira ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi, ngati wagwira khoswe kumchira."

Amayi, chithunzi chanu ndinawaonetsapo, zimenezo ndikuvomera. Koma ndi chithunzi chiti chimene munajambulitsa opanda mpango? Chipsera cha nsungwi ya denga ija chimadziwika ndi ife ana anu basi, ngakhale abusa anakuikani osachidziwa. Ndipo ndani wina padziko lino angagwire mpango wa a Nambewe ngati khoswe? Ndinakumbukiranso mmene munkatiletsera kuima pakhomo, mukuti mutsekereza mwayi, koma abambo akati atuluke kupita ku mowa munkaima pomwepo manja m'chiuno, mpaka dzuwa kulowa, iwo n'kuvula nsapato.

Mantha anandichoka theka, ndipo theka limenelo linakwanira kutsegula pakamwa. Apa ndiye mundiyamikire, chifukwa bodza limene ndinapeka pamenepo ngakhale loya wa ku Lilongwe sangalifike. Ndinati, "Amuna anga, amenewo ndi apongozi anu. Ndi mayi anga, ndipo mpango uli pansi pa pilowu ndi wawo. Ine ndilibe mpango woyera, onani, ndimavala chipewa cha ubweya ngati mlonda. Tsiku lija anabwera kudzaona kumene mwana wawo anakwatiwa, anakupezani mutagona kukamwa kuli yasa. Kwathu mkamwini saonana maso ndi apongozi ake. Ndiye ndikanatani? Ndinatenga nsalu yawo yomweyo n'kukuphimbani, kuti musachite manyazi."

Phwa, phwa uja anasiya.

"Kwathunso saonana," anatero.

Kenako, Amayi, nkhalamba imene inatha masiku asanu osadya inadzuka pamiyendo panga ngati yalumidwa ndi linthumbwi. Anakoka bulangeti kuphimba maondo, anatembenukira kuchipupa, akung'ung'udza m'chilankhulo chawo. Anati, "Iwe mkazi wopanda nzeru, wandisiya ndigone pamiyendo pako mayi ako akuona? Masiku onsewa ndakhala ndikuwayang'ana m'maso ngati mwana wopanda mwambo." Ndinati nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti mukuwaona. Anakhala akuganiza, akusisita mphini zawo. Potsiriza anati nsalu ya apongozi siweruza mfumu, za mfumu amaweruza ndi akazi ake okha, ndipo mkazi wopanda nsalu yakeyake palibe chimene wanena.

Nditayang'ana pakhomo ndinaona nsapato za Nyalam.

Ndinathamanga kukatenthetsa phala. Nditabwera nalo anakankha mbale. Ndinati tayambiranso. Koma iwo ananong'ona kuti, "Mkamwini sadya apongozi akuyang'ana. Apemphe atembenuke." Ndiye ndinaima pakati pa chipinda, mbale m'manja, n'kulankhula Chichewa kwa khomo lopanda munthu. Ndinati, "Amayi, tatembenukani pang'ono, akamwini anu adye." Munamva, eti? Chifukwa a Nyawelo anasuzumira cham'mbali, anagwedeza mutu, n'kutenga sipuni. Anamaliza mbale ziwiri. Nyalam atabwera n'kuwapeza akunyambita sipuni anandikumbatira mpaka nthiti kulira. Ndinamuuza kuti ndi mphamvu ya phala langa. Zinazo sindinamuuze, ali ndi basi yoti aziyendetsa maganizo ali pamodzi.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, ine ndili ngwazi. Koma patapita sabata, akumanganso mudzi wawo patebulo, anandiuza osandiyang'ana kuti, "Mayi ako sanabwere kudzaona ukwati. Dzanja lawo limodzi alitambasula chikhalire. Akufuna nsalu yawo." Anaitulutsa m'thumba la jekete, yopindidwa bwino, n'kundipatsa. Ndinafunsa kuti nanga omata khomo aja anapita? Anati ayi, akhala pansi m'kakhondemo, atsamira chipupa, dothi lawo aliphimba ndi chikopa chonyowa kuti lisaume. Sali pa changu. "Ukawapatsa mayi ako nsaluyo adzapita kwawo kukapuma, pakhomo padzayera. Ndi katundu wawo, ndipo aima nthawi yaitali ndi mwendo wodwala. Tsiku limene udzafune kuwapatsa, uwapatse. Ine sindidzakudandaula."

Ndiye ndi pamene ndaima, Amayi. Ndikakubwezerani mpango, a Nyawelo amatidwa, ndipo nsalu imene inayamba zonsezi ndinayala ndi manja angawa. Ndikaumana, inu muimabe pakhomo la eni, dziko la eni, mutu uli pamtunda, zonse chifukwa cha kuba kwanga. Ndinkayesa munagona mumtendere zaka ziwiri zonsezi, osadziwa kuti mwakhala mukunditsata m'mabasi a ku Glasgow mukuyang'ana chikwama changa. Pepani. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa munthu wamoyo, mufunse aliyense.

Komabe ndikupempheni, monga ndinkakupemphani chiwindi cha nkhuku ndikudziwa kuti ndi cha abambo. Pirirani pang'ono. Munthuyu wayamba kunenepa, dzulo wandinena kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira makapu. Nyalam akuyembekezera, mwezi wa Febuluwale, ndipo a Nyawelo akufuna aone ngati mwanayo adzatenge kutalika kwa kwawo. Alibe gol, alibe ng'ombe, mudzi wawo wonse umakwana pa tebulo limodzi. Chimene ali nacho ndi inu pakhomopo. Mpangowo ndimaumanga m'chiuno, mkati mwa yunifolomu, ndipo ndikamadutsa pakhomo paja ndimapendekeka n'kunena kuti zikomo. Nthawi zina ndimamva mfundo yake ikukokedwa pang'ono. Ndimadziwa kuti ndinu, ndipo ndimadziwanso kuti mukanafuna kuulanda mukanalanda kale, dzanja lanu ndimalikumbuka.

Kakowa uja adakalipo. Azungu a makamera anatopa naye, akuti akanayenera kukhala atapita kotentha. Masamba ayamba kugwa, mphepo ya kuno ikubwera, imene imalowa m'fupa n'kukhala pansi ngati kwawo. Ndiye Lachisanu lapitali ndinakuganizirani. Ndinaika mpando pambali pa khomo la chipinda, kuti mwendowo uzipuma, ndipo pampandopo ndinasiyapo chipewa changa cha ubweya, chofiira chija, chokongola kuposa zipewa zonse za mu Scotland. Nyalam anali atapita ku Edinburgh kwa mnzake, ndipo a Nyawelo sanyamula kanthu kolemera kuposa kapu. Mmawa mwake chipewa ndinachipeza mu bini ya kukhitchini. Mpando unali pakati penipeni pa khomo.

Ndamva, Amayi. Chipewa sindidzayesanso.

Ndikulonjeza kuti tsiku limene a Nyawelo adzapite pa nthawi ya Mulungu, osati pa nthawi ya nsalu yanga, ndidzakwera ndege ndi mpango wanu, wochapa ndi wosita. Ndidzaitana Lonesi, a Yohane ndi amayi onse a chigwirizano, ndidzaima pamanda panu n'kunena pamaso pawo kuti wakuba uja ndine. A Nambewe ndidzawagulira watsopano, ndipo sindidzawauza mmene mwagwirira wawo. Kufikira tsiku limenelo khalani pampandopo, musasunthe. Koma ikakwana eyiti koloko, thwelofu ndi sikisi, muzitembenukira kukhonde, akamwini anu azidya.

Ndine mwana wanu wokukondani, wakuba mmodzi yekha amene munabereka,

Dolika